Kuledzera kwa a Mikidadi

Mwanakheri anakhazika bambo ake pabenchi ya kachipatala ka ku Tandale, mumzinda wa Dar, n'kuwapukuta thukuta ngati akupukuta tebulo. Sankamvanso manyazi kapena mkwiyo. Zonsezo zinamuthera sabata yatha.

A Mikidadi anali dalaivala wa malole apakati pa Dar ndi Blantyre, ndipo kale botolo ankaligwira bwino kuposa chiwongolero. Mowa anausiya akazi awo atamwalira, anachita kulumbira. Koma mwezi uno, wa Ramadhani weniweniwu, wofunga posala kudya, masana aliwonse ankadzandira, lilime lolemera, kutukwana ndi adzukulu omwe. Dzana anagwa pakhomo pa mzikiti anthu akuona. Madzulo akamasula kusalako n'kudya, ankakhalanso munthu, n'kumakana kwamtuwagalu.

"Mwanangu, sindinalaweko ine."

Woledzera ndani anavomerapo? Mwanakheri anafunafuna pansi pa matiresi, m'thumba la kanzu, mkanjo wawo, ngakhale m'thumba la makala. Botolo sanalipeze, koma anthu a malole ndi akatswiri pobisa katundu. Anali atagwirizana kale ndi Seif, mlongo wake, kuti Lachisanu awakweze lole akaledzerere kwa achibale ku Mangochi. Kuno anangobwera nawo kuti awasoke bala la pachipumi, poti lero agwanso.

Nesi, mayi wojintcha dzina lake Theresia, sanafulumire ndi balalo. Anawerama n'kuwanunkhiza mkamwa.

"Pole, Mzee," anawapepesa m'Chiswahili, n'kuwabaya chala kuti awayeze magazi. Atayang'ana kamakina kake, anathamangira kukabati, nasungunula shuga m'kapu.

"Akufunga amenewo," anatero Mwanakheri m'Chiswahili, mawu ake opanda moyo.

"Lero amasula msanga." Nesi anawagwira mutu n'kuwamwetsa pang'onopang'ono. "Amamwa mankhwala a shuga?"

"Samaphonya. Ndimawapatsa ndekha."

Pa zonse zimene zinasokonekera m'nyumba mwawo, ichi chokha ndi chimene Mwanakheri akanatha kuchinena mutu uli m'mwamba.

"Nanga poti akufunga, mumawapatsa nthawi yanji, dada?" anafunsa nesi, akumutchula kuti chemwali m'Chiswahili.

"Pa daku, akamadya m'bandakucha. Piritsi la m'mawa, la masana ndi la madzulo, ndimawamwetsa onse pamodzi, kuti asadzamwe dzuwa lili kunja."

Nesi anaika kapu pansi.

"Onse pamodzi, kenako tsiku lonse osadya? Dada, m'thupi umu mulibe ndi dontho lomwe la mowa. Shuga ndi amene akumatsika mpaka kutheratu. Mukanawakwirira mwezi womwe uno."

Mwanakheri anangoima, osapeza pokhala. A Mikidadi anatsegula maso, lilime litayamba kumasuka.

"Musamukalipire, mayi. Amene amandisamala ine ndi yekhayu."