Tepi ya Mtovu pa Ndodo za a Wendell

Panali munthu wina kwathu kuno ku Minnesota, bambo wachikulire, dzina lawo a Wendell Thorsrud. Amene anandiuza nkhaniyi ankasewera nawo gofu pabwalo limodzi, ndipo akuti ndi yoona.

Akazi awo, mayi Marlys, anadwala matenda oiwala. Kunyumba ankatha kuwayang'ana amuna awo n'kufunsa kuti, "Bambo, mukufuna ndani?" Koma pabwalo la gofu, pamene awiriwa ankasewera kuyambira ali achinyamata, zinkasintha. A Wendell akangozunguza ndodo n'kumenya mpira, nkhope ya mayiwo inkawala.

"Kamenyedwe aka ndikukadziwa," ankatero. "Ndinu a Wendell inu."

Akatero ankayenda atagwirana manja mpaka dzenje lomaliza. A Wendell ankawapeza akazi awo pamalo pokhapo. Dokotala wa mayiwo ananena mosabisa kuti chilimwe chimenecho mwina n'chomaliza kuti azizindikira anthu. Ndipo mukudziwa, chipale chofewa cha nyengo yozizira chikangogwa bwalo amatseka.

A Wendell nawo anali ndi vuto lawo: anali atachitidwa opaleshoni ya phewa. Dokotala wawo anawachenjeza kuti, "Gofu sewerani, koma ndodo zanu za mipini yachitsulo zija muziike. Gulani za mipini yopepuka. Phewa ili silingapirirenso zolemera."

Anagula, ndipo zinkawayendera. Mpira unkapita mowongoka, phewa osapweteka. Vuto linali lakuti pamipiniyo panalembedwa kuti ndi ya okalamba, ndipo mnzawo, a Orville, anaona.

"Madala, ndodo izi mwabwereka kwa mayi?" anafunsa a Orville anthu akumva. "Mwafikapo eti? Mawa tikubweretsereni ndodo yoyendera."

Onse anafa nacho chiseko. A Wendell anaseka nawo, koma mumtima zinawabaya. Amunafe tili ndi matenda amenewa: dokotala titha kumunyoza, koma kuseka kwa mnzathu timagona nako.

Tsiku lina ali pamalo oyeserera kumenya, pambali pawo panaima mwamuna wina wachilendo, wamphamvu zake, amene mpira wake unkakagwera kutali, kumpanda kwenikweni.

"Madala, mpira wanu ukufera pafupi chifukwa ndodoyo ilibe thupi," anatero mlendoyo. "Mutu ukalemera, mpira umauluka wokha. Bwererani ku chitsulo, ndipo kumutuko mumateko iyi."

Anawapatsa tepi ya mtovu, yolemeretsera mutu wa ndodo.

"Koma adokotala anati phewa langali..."

"Aaa, madokotala gofu aidziwira kuti?"

A Wendell sanamufunse ngakhale dzina. Atafika kunyumba anatulutsa ndodo zakale m'galaja n'kumata tepi kumitu yonse.

Ndodo yolemera imafuna mkono wamphamvu. M'manja mwa a Wendell inkachedwa, mutu unkafika pampira usanawongoke, ndipo mpirawo unkakhotera kumanja, m'mitengo, n'kugwa pafupi kuposa kale. Munthu wanzeru akanamatula tepiyo. Iwo anawonjezera ina, n'kuyamba kumenya ndi mphamvu zonse. Madzulo phewa linkatentha, iwo n'kumangomwa mankhwala opha ululu osauza munthu.

Ngakhale mayi Marlys, odwala aja, anaona.

"A Wendell, ndodoyo ikukukokani," anatero tsiku lina. "Tengani zopepuka zija. Ine sindibwera kuno kudzaona mpira wopita kutali. Ndimabwera kudzayenda nanu."

"Musadandaule amayi, ndikungoizolowera."

Loweruka lina anakumana ndi a Orville poyambira masewera.

"Ehe, madala abwerera ku zachimuna," anatero a Orville. "Tiyeni tione."

A Wendell anakweza ndodo m'mwamba, n'kuitsitsa ndi mphamvu zimene analibe. M'phewa munamveka kuduka. Ndodo inawapulumuka, iwo n'kugwada pakapinga akubuula. Mpira unangogubuduzika pang'ono n'kuima.

Anachitidwa opaleshoni yachiwiri, mkono n'kumangidwa pachifuwa. Dokotala sanawakalipire. Anangoti ndodo asaikhudze mpaka chaka chamawa.

A Orville, manyazi atawagwira, anadzipereka kuwatengera onse awiri kubwalo. A Wendell anakhala m'kangolo koyendera pabwalopo, mkono uli m'nsalu, akuyembekeza kuti kapinga yekha akwanira kuwakumbutsa mayiwo. Mayi Marlys anayang'ana uku ndi uku.

"Amuna anga ali kuti?"

"Ndine pano, amayi. Ndine Wendell."

"Ayi bambo. Amuna anga sakhala pansi, amasewera."

Anayesanso kangapo, koma sizinasinthe. Kenako mayiwo anayamba kulira akamawakweza galimoto, ndipo anasiya kupita. Masamba anayoyoka, chipale chinagwa, bwalo anatseka. A Wendell anatha nyengo yonse yozizira akudyetsa mkazi amene ankawathokoza ngati mlendo. Ankalira okha m'galaja, pafupi ndi ndodo zopepuka zija.

Pamene chipale chinkasungunuka, phewa linali litapola, koma mayi Marlys anali atasamutsidwira kunyumba yosamalira odwala. A Wendell anatenga ndodo yopepuka n'kupempha anamwino kuti awatulutse mayiwo panja pa njinga yawo ya odwala. Anaima pakapinga patsogolo pawo n'kumenya. Mpira unapita mowongoka bwino, phewa osapweteka n'komwe.

Mayi Marlys anawomba m'manja mwaulemu.

"Mumamenya bwino, bambo," anatero. "Amuna anga nawonso amasewera. Mukawaona kubwaloko muwauze kuti ndikuwadikira."

Phunziro: Ndodo yabwino ndi imene thupi lako lingakwanitse, osati imene ingatseke pakamwa anzako. Usataye malangizo a amene akudziwa thupi lako chifukwa cha mawu a munthu amene sudziwa ngakhale dzina lake. Anzako okusekawo mawa aiwala, koma nthawi ya okondedwa ako ikapita sibwerera. Tumizani nkhaniyi kwa bambo anu, amuna anu ndi aliyense amene akulimbana ndi msinkhu wake, asanamate tepi yake.