Nkhupakupa ya M'khutu mwa Njati

Padangokhala, anzanga, kudambo la Chisenjere, wogamula zonse anali Njati. Atatopa ndi manong'onong'o, anaika lamulo lakuti aliyense wobwera kudzamukopa pa nkhani za dambo azivala belu m'khosi, kuti nyama zonse zidziwe amene akupempha.

Chaka china udzu unauma gwa. Mbawala, poona ana ake atawonda, anavala belu n'kupita kwa Njati.

"Wawa mfumu, tiloleni titenthe tchire kuti msipu uphuke. Ana anga atha ndi njala."

Njati anapendeketsa mutu, khutu lakumanzere likugwedera. "Chaka chino moto ayi."

Kakowa, amene ankatola ziwala chapafupi, anasuzumira m'khutumo n'kupezamo Nkhupakupa itakhuta, ikunong'ona. Paja moto ukadutsa, mazira a nkhupakupa amapsera mu udzu.

"Achimwene, belu lanu lili kuti?" anafunsa Kakowa.

"Belu n'la obwera," inayankha Nkhupakupa. "Ine sindibwera, ndimakhala mommuno. Ine ndi amfumu ndife magazi amodzi."

"Magaziwo ndawaona, ali m'mimba mwanumo," anatero Kakowa, n'kuijompha, n'kumeza.

Nkhupakupa itachoka, Njati analola. Tchire linapsa, msipu unaphuka, ana a Mbawala ananenepa. Njati pokondwa anati, "Iwe Kakowa, uziyenda pambali pangapa, uzindisuzumira m'makutu."

Chiyambire tsikulo tchire limapsa kawiri pachaka, poti moto umavumbulutsa ziwala, ndiwo za Kakowa. Mukadzamuona pambali pa Njati, mudzayang'ane khosi lalitali lija. Loyera mbee, lopanda belu.

Yathera pompa, kaphuleni mbatata zingapserere.