Disiki Yotchipa ya a Tsitsaniko

Panali munthu wina wojambula mavidiyo a maukwati, amene anzake ankangomutchula kuti a Tsitsaniko, chifukwa sanagulepo kanthu pa mtengo woyamba. Ankati tsiku la maliro awo adzadzuka kuti anenerere bokosi.

M'kachipinda ka kuseri kwa situdiyo yawo munali seva, kompyuta yosunga ntchito za makasitomala. Anawaikira ndi mlamu wawo wodziwa za makompyuta, kuti vidiyo iliyonse izikhala pawiri: pa kompyuta yogwirira ntchito ndi pa seva. Za pa sevazo ndizo ankazitcha bakapu. Koma kompyuta ikadzaza, a Tsitsaniko ankangofufuta. "Si zili ku bakapu?" Mapeto ake, zonse zinatsala pa disiki imodzi yokha ya sevayo.

Nayonso inadzaza.

"Gulani ina kushopu yodziwika," anatero mlamu. "Mukailumikiza, kopani, musasamutse. Kukopa kumasiya zakale pamalo pake, kusamutsa kumafufuta komwe zachokera. Mukatha, tsegulani mavidiyo muwaonere mpaka kumapeto. Yakaleyo muisunge."

"Alamu, mukuchita ngati tikunyamula wodwala. Ndi mafayilo chabe."

Sabata yomweyo m'situdiyomo munalowa bambo wina wachikwama, nsapato zonyezimira. Anatulutsa disiki ili m'pulasitiki.

"Bwana, iyi ingameze situdiyo yonseyi ndi inu nomwe."

A Tsitsaniko anatchula mtengo wochititsa manyazi, wakuti wogulitsa weniweni akadatukwana. Bamboyo sanazengereze n'komwe.

"Tengani. Koma mukasamutsa zanu, yakaleyo mundipatse. Ndidutsa mawa."

Aliyense woyenda m'misika amadziwa kuti wogulitsa akavomera msanga, wagulitsidwa ndiwe. Koma a Tsitsaniko anaona ngati apha njovu ndi legeni.

Analumikiza disikiyo ku seva. Poti yakale inafunika kutuluka yopanda kanthu, anasankha zonse n'kudina posamutsa. Pofika mawa lake mafoda onse anali kwatsopano, mayina ali ndondondo. Wachikwama anabwera, analandira yake, anapita. Kenako a Tsitsaniko anaimbira mlamu kuti adzitame.

"Mwatsegulako ngakhale imodzi?" anafunsa mlamu.

"Mayina onse alipo."

"Kumanda nakonso mayina alipo, alamu."

A Tsitsaniko anadula foni akuseka.

Patapita masiku ochepa kunabwera mayi wina amene anamujambula ukwati chaka chatha, atagwira dzanja amayi ake okalamba.

"Bambo anatisiya mwezi watha," anatero. "Vidiyo yathu inapita ndi laputopu imene anatibera. Paukwati paja bambo analankhula, anaimbanso. Mawu awo kulibenso kwina. Amayi akufuna kuwamva."

"Musadandaule, achemwali. Kuno sititaya kanthu. Amayi, khalani apa."

Analowa kuseri, anapeza foda, anadina. Mdima. Anadinanso. Kompyuta inati fayiloyo ndi yowonongeka. Anayesa ukwati wina, ndi wina, ndi wina. Chimodzimodzi.

"Zikutheka?" anafunsa mayi uja ali pakhomo.

"Ikungochedwa pang'ono. Makinawa akatentha amatero."

Anatseka chitseko n'kuimba foni monong'ona. Mlamu anafika ali wefuwefu, anatsegula chikhokhombe cha disikiyo ndi sikuludiraiva. M'kati munali kachitsulo komatidwa ndi guluu kuti kazilemera, ndi kafulashi kakang'ono ngati chikhadabo.

"Yabodza iyi. Anaiphunzitsa kunama kuti ndi yaikulu. Imalemba mayina, zenizenizo n'kumataya. Yakale ili kuti? Ngati sanalembemo zina, zofufutidwazo ndikhoza kuzibweza."

A Tsitsaniko anayang'ana pansi.

"Alamu. Yakale ili kuti?"

Anatulukira khomo la kuseri, liwiro la mtondo wadooka, kulowera kumsewu wa okonza mafoni. Nambala ya wachikwama sinkapezeka. Anafunsa benchi ndi benchi: wansapato zonyezimira, wachikwama chakuda. Aliyense ankangopukusa mutu. Atatsala pang'ono kugwa ulesi, anaiona disiki yawo yakale ija. Inali patebulo la wogulitsa machaja, pakati pa zingwe, kapepala kolembedwa ndi dzanja lawo lomwe katasendedwa theka.

"Iyi! Munaitenga kuti?"

"Anatisiyira wina wake. Ndi yabwino, bwana, yoyesedwa."

"Simunaigwire m'kati?"

Wamachaja anamwetulira monyadira. "Ife sitigulitsa chinthu chopanda kanthu. Ndaidzaza mafilimu ndi nyimbo mpaka pakamwa. Imeneyo ndi basera."

Anatchula mtengo wokwera ngati denga. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, a Tsitsaniko analipira osanenerera.

Atabwerera nayo kusitudiyo, mlamu anailumikiza, anafufuza, anafufuzanso. Kenako anachotsa magalasi n'kupukusa mutu. Mafilimu a nkhonya anali atakhala pamwamba pa maukwati onse.

A Tsitsaniko anatuluka m'kachipinda muja. Amayi okalamba aja anali pampando pomwe paja, atakonza kale mpango wopukutira misozi. Ataona nkhope ya wojambulayo, anamwetulira momulimbitsa mtima.

"Mwana wanga, usavutike ndi zithunzi. Nkhope yawo ndikuidziwa. Ungotiikira mawu okhawo."

Koma mawu nawonso anali atapita limodzi ndi zithunzizo.

Phunziro: Chinthu chimene chili pamalo amodzi okha si bakapu, ndi mwayi chabe, ndipo mwayi umatha. Kopani, tsegulani muone ndi maso anu, ndipo chakale musachitaye msanga. Wogulitsa akavomera mtengo wanu mosavuta, dzifunseni chimene mwaonjezerapo osadziwa. Tumizani nkhaniyi kwa m'bale wanu uja amene amati "mayina onse alipo", asanalire ndi zinthu za eni.