Bokosi Lobwereka

Galimoto ya alendo inali isanatulukire pamtsetse pamene ahedi, a Gerevazio, anaitanitsa Dorika ku ofesi. Patebulo panali bokosi lobiriwira, lonyezimira, pulasitiki yake yosang'ambidwa.

"Ili ndabwereka kwa anzanga a ku Linthipe," anatero. "Lanulo mukalibise kuseri kwa matumba mu sitolo. Alendo asalione."

Chaka chathachi kampani ina ya magetsi a dzuwa inagawa mabokosi otere m'sukulu za sekondale zoyendera za m'Dedza. M'kati munali mawaya, timababu, mabatire, kachipangizo koyezera mphamvu ya magetsi ndi timasola tiwiri tokwana m'chikhatho. Ahedi analitsekera lawo m'kabati. Katundu wa mabwana, ankatero, azioneka momwe anabwerera.

Dorika, mphunzitsi wothandizira wa sayansi, anapirira teremu yathunthu akujambula batire pabolodi ndi choko. Teremu yachiwiri anapempha kiyi, ati akufuna kaundula wa mayina, n'kutulutsa bokosilo.

Tsopano linkaoneka ngati lapulumuka pa ngozi ya minibasi. Timababu tambiri tinapsa. Kasola kamodzi kanasweka pakona. Chivindikiro anachimanga ndi mphira wa njinga.

"Mukundimva, amake Ufulu?" ahedi anatsitsa mawu. "Kalata yanu ya ntchito ya chaka chamawa ikudikira siginecha yanga. Muli ndi khanda. Khanda silidya timababu."

"Ndamva, ahedi."

Dorika anali wamantha chibadwire. Ufulu akangotsokomola kamodzi, iye ankachezera kumugwira pamphumi. Anafika mu sitolo, nakankhira bokosi kuseri kwa matumba, naima. Panja ana anayamba nyimbo yolandirira alendo. Anaimabe, manja ali zii ndi chisanu cha mu Juni. Kenako anawerama n'kulikokanso.

Mlendo anali mmodzi, injiniya wa kampaniyo, mayi Sibongile, wamfupi, wa jekete lalikulu ndi fayilo m'khwapa. Ahedi anali atayala nsalu yoyera patebulo la m'kalasi ya Fomu 3, n'kuikapo bokosi lobwereka lija.

"Monga mukuonera, ife kuno timasamala," ankatero akusisita pulasitiki. "Ngakhale fumbi silinalowemo."

Mayiyo analemba kenakake.

Apo m'pamene Dorika analowa, bokosi lili pachifuwa. Analitula pansalu yoyerayo. Mphira unaduka, chivindikiro chinagwa pansi, timawaya tinamwazika. Ana onse a m'kalasimo anasuzumira kuti aone.

"Lathu ndi ili, mayi," anatero. "Ilo n'lobwereka. Ndinatsegula ndine, popanda chilolezo, ndipo zapsazi tapsereza ndife. Ngati pali mlandu ndi wanga, anawa muwasiye. Koma magetsi sindiphunzitsanso ndi choko. Olo mundikalipire."

"Mwana uyu mumukhululukire, sanakhwime pantchito," ahedi anaseka kaphwete kouma.

Mlendoyo sanaseke. Anatakasa m'bokosimo ndi cholembera, natola kababu kakuda bii, nakakweza m'mwamba.

"Anapsereza aka ndani?"

Mtsikana wa pamzere wakutsogolo, Marita, anaimirira pang'onopang'ono. "Ndine, madamu."

"Unatani?"

"Ndinalumikiza mabatire anayi motsatizana. Kameneko n'ka awiri."

"Unadziwa bwanji?"

"Katapsa, madamu."

Wina kumbuyo anafuna kuseka, n'kuzimeza. Mayi Sibongile anaona kasola kosweka kaja, anaona tepi pamawaya, nayamba kulemba. Analemba nthawi yaitali, nkhope ili gwa, mpaka kutembenuza tsamba.

Ahedi anasendera pafupi ndi Dorika. "Mawa m'mawa makiyi a nyumba ya sukulu akhale patebulo langa," ananong'ona.

"Ndibweretsa lero lomwe," anayankha osawayang'ana.

Anadziona kale ali pa kabaza ndi Ufulu kumbuyo, matilesi atapinda, akubwerera kwa amayi ake ku Lobi kukapalira nyemba, anthu pamjigo akufunsana kuti uphunzitsi uja wathera pati. Anadzutsa mutu. Pepani sananene.

Mlendoyo anatseka fayilo.

"Dzina lanu lonse, aphunzitsi?"

"Dorika Benedict."

Analemba limenelonso, nabweza cholembera m'thumba la jekete.

"Sabata ino ndayenda m'sukulu khumi ndi imodzi kufuna pomanga labotale," anatero. "Bokosi logwira ntchito ndalipeza pano pokha, ndiye timanga pano, woiyang'anira ndi mayi Benedict." Kenako anakodola dalaivala pakhomo. "Losatsegulalo kwezani m'galimoto. Mabokosi onse otere tikubwerera nawo ku Lilongwe."