Munda Wachepa

Chaka chilichonse mvula ikatha, kandege ka boma kankauluka pamwamba pa minda ya kwa Msauka, kuyeza kuti munda uliwonse ungadyetse anthu angati. Anthu akachulukira munda wawo, wina ankayenera kuchoka m'mudzimo.

Chaka chimenecho madzi anakumba chigwembe pakati pa munda wa Nachanza. Iye anayesa kuchikwirira ndi mapesi, koma kandegeko sikanapusitsike. Kanalengeza kuti pakhomopo pachoke munthu mmodzi chimanga chisanalowe m'nkhokwe.

Nachanza anayang'ana mayi ake okalamba, kenako mwana wake Tiyese. Mwamuna wake Lufeyo anali pakhonde, akusema mpini.

"Bambo a Tiyese, mizere yonse ija munalima ndinu," anatero Nachanza.

"Ndinalima, inde. Koma mkamwini amabwera ndi khasu lokha, mayi. Dothi ndi lanu." Anaseka pang'ono. "Bola mupumako ku mkonono wanga."

Nachanza sanaseke.

Tsiku limene Lufeyo ananyamuka, Nachanza anatulutsa mbale monga mwa masiku onse, nkuima nayo imodzi m'manja, osadziwa poyiika. Khasu lija linali litatsamira pachitseko, Lufeyo ataufupikitsa mpini wake kuti ulingane ndi msinkhu wa mkazi wake.