Wowotcha Mafupa

Supuni yoyamba itangofika pakamwa, mayi wamasiyeyo anauma thupi. Anali atazungulira malesitilanti anayi kufunafuna mafuta a m'mafupa owotcha bwino, koma awa, a adyo wopserera ndi kamandimu, anali a dzanja lomwe ankalidziwa.

"Alamu, mwatani?" anafunsa mchemwali wa mwamuna wake.

Mayiyo anadzuka n'kukankha chitseko cha kukhitchini.

Pamoto panaima bambo wovala epuloni, akutembenuza mafupa ndi dzanja lopanda chala chapakati. Anali mwamuna wake, yemwe mayiyo anauzidwa kuti anafera kunja kwa dziko pa ngozi ya basi zaka zisanu zapitazo.

"Bambo a ana?"

Thireyi ya mafupa inagwa pansi kuchoka m'manja mwa bamboyo. Kumbuyo kwa mayiyo mlamu uja anangopumira m'mwamba.

"Achimwene, ndinakuuzani kuti adzakupezani."