Amake Golden Apitirira Bokosi

"Pang'onopang'ono, Austin, tizitsatira bokosi," adatero amake Golden ali m'galimoto yofiira ya mwana wawo, yogwada ngati kamba.

Golden adabwera nayo kuchokera ku Joni, nkuwalonjeza kuti adzawakweza. Malungo adamutenga asanatero. Ndiye mayiwo adaikwera lero, pomuperekeza kumanda kwawo ku Nkando.

Austin, msuweni wa malemuyo, amayendetsa minibasi, ndipo mwendo wake wakumanzere sudziwa china koma kilatchi. Galimoto iyi ilibe kilatchi. Mwendowo udaponda buleki, winawo nkumathira moto. Komatu Golden adaisiya pa giya ya mpikisano, yomwe imangodikira zomwezo.

Atangochotsa mwendo pa buleki, chinthucho chidalumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Lole ya bokosi, amayi a Mvano ndi nyimbo zawo, zonse zidatsala m'fumbi.

Adakaima pafupi ndi manda, adzukulu okumba kukamwa kuli yasa.

"Pepani azakhali, tibwerere," adatero Austin. "Maliro sapitirira."

Mayiwo adatsika, nakonza duku lawo, nakhala pansi.

"Ndisiye, ndimudikira pompano. Zimayenera kukhala chonchi: ine kutsogola, iye kubwera pambuyo."